Ati “Si Mfuti Yeniyeni”

Mphwanga, mwana wa achemwali anga, ali ndi zaka 11. Dzulo m'mawa ndinamuona akuthira tiyi m'kapu, tiyi n'kumatayikira pamphasa, pafupi ndithu ndi kapu koma osalowamo. Anaseka, nanenso ndinaseka naye, kenako ndinanamizira kuti foni ikuitana n'kutuluka panja, chifukwa misozi inali italengeza ndipo malume salira pamaso pa mbumba. Munthu akatsala ndi diso limodzi amavutika kuyeza kuti chinthu chili patali bwanji. Adokotala anatiuza kuti azolowera pang'onopang'ono. Papita miyezi 4 tsopano, ndipo akuzoloweradi. Amene ndikukanika kuzolowera ndine.

Ndakhala ndikuzengereza kulemba nkhaniyi chifukwa inenso ndili m'kati mwake, ndipo sindili kumbali yabwino. Koma December wayandikira, ndipo ndamva kale mphekesera kuti wina wagula mfuti ya mpweya, akufuna kutsegula malo owombera chandamale pa Khirisimasi. Ndiye lero musayembekezere ndakatulo kapena nkhani zachikondi zija mumandinena nazo. Lero ndabwera ndi mkwiyo, ndipo wina ukundiwotcha ndekha.

Kwa inu amene Mgona mumangomumvera pa nkhani za mtedza ndi soya, ndikufotokozereni pang'ono. Kuno n'kufupi ndi Kanengo, nyumba n'zothithikana moti kuseri kwa nyumba yako ndi pakhomo pa mnzako. Ukataya madzi osambira osayang'ana, wathira mbaula ya aneba. Kuno kulibe malo amene munganene kuti “uko kulibe munthu.” Mbali iliyonse imene mungaloze chala, pali mwana akusewera, mayi akuchapa, kapena wakabaza akudutsa.

Pa holide ya 6 July, mkulu wina amene sindimutchula dzina anabwera ndi mfuti ya mpweya, ija yothyola pakati imene ambiri amati ya mbalame. Anaika tebulo kuseri kwa bala ina, n'kundandalika mabotolo 6 pa benchi, benchiyo itatsamira khoma la njerwa lopaka simenti. K500 kuwombera katatu. Ukaswa mabotolo atatu motsatizana, umamwa limodzi laulere. Anthu anadzaza ngati pali gule. Nyimbo zikugunda, mowa ukuyenda, aliyense akufuna aoneke ngati wa m'filimu.

Ine ndemwe, munthu wa digiri, wozolowera kudzudzula boma pa Facebook, ndinalipira K1,000. Ndinawombera kasanu ndi kamodzi, ndinaswa botolo limodzi, ndinajambulitsa, chithunzi n'kuponya pa status. Mphwanga anapatsidwa kaganyu koimika mabotolo ndi kutola magalasi osweka, K200 pa ola. Ndinamuona akuthamangira kubenchi nthawi iliyonse botolo likasweka, mfuti ili m'manja mwa munthu woledzera kumbuyo kwake. Sindinanene kanthu. Chilungamo chake, ndinanyadira kuti mfana ndi wochangamuka, akudzipezera yekha ya zigege.

Cha m'ma 4 koloko kunabwera mnyamata wina ndi chibwenzi chake. Sankafuna kuwombera, ankangofuna chithunzi. Anatola mfuti patebulo n'kufunsa ngati muli kanthu. Mwini wake, maso ali pa ndalama zimene ankawerenga, anayankha kuti, “Mulibe. Komanso si yeniyeni iyi, amwene, musaope.” Chimene sanaone n'chakuti amene anaigwira komaliza anali ataithyola, kuikamo kachipolopolo, kuitseka, kenako foni yake inalira n'kuisiya patebulo. Mnyamata uja anaiika paphewa, analoza kukhoma, anakhethemula kuti chithunzi chioneke chenicheni. Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wawomba m'manja kamodzi. Kachipolopolo kanamenya simenti n'kunjanja. Mphwanga anali atanyonyomala pambali pa benchi akutola magalasi.

Sanakuwe. Anangogwira kumaso n'kunena kuti, “Malume, china chandilowa m'maso.”

Za ulendo wa kuchipatala ndidumpha zambiri. Njinga yamoto mpaka ku Area 25, kalata yotitumiza ku Central, usiku wonse pabenchi, chithunzi cha X-ray chooneka kadontho koyera pamalo pamene sipayenera kukhala kanthu. Madokotala a maso anayesetsa, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Diso analisiya, silinachotsedwe, koma limangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Achemwali atafika sanandikalipire. Anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa kuti, “Achimwene, inuyo munali pomwepo?” Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Tsopano tiyeni tikambirane za mawu aja akuti “si yeniyeni.” Ndawamva kambirimbiri chichitikire ngoziyi, ngakhale kwa anthu obwera kudzazonda. “Pepani, koma nanga kamfuti koseweretsa kangatero?” Abale anga, chimapangitsa mfuti kukhala yeniyeni n'chiyani? Wonga? Phokoso? Yunifolomu ya amene waigwira? Diso silifunsa kuti chimene chalilasa chakankhidwa ndi wonga kapena ndi mpweya.

Onani masamu ake. Kachipolopolo ka mfuti zimenezi nthawi zambiri kamakhala ka mtovu, kotambalala mamilimita 4.5, kolemera pafupifupi theka la galamu. Mfuti zimene amapikisana nazo pa Olympics, zomwe sanazipangire kupha chilichonse koma kuboola pepala, zimakatulutsa pa liwiro la mamita pafupifupi 170 pa sekondi imodzi. Amenewo ndi makilomita oposa 600 pa ola. Galimoto itathamanga choncho, kuchoka Lilongwe kukafika Blantyre ndi theka la ola. Zambiri mwa zothyola pakati zija, zopangira kusaka mbalame ndi makoswe, zimathamangitsa kuposa pamenepa. Ndiye ganizirani kuti diso ndi kathumba ka madzi kokutidwa ndi khungu lopyapyala, kamene ngakhale kambewu ka udzu kakalowamo mumasiya zonse zimene mumachita. Mfuti imene imagwetsa njiwa pamwamba pa mtengo wa bulugamu, mukuti ikafika pa diso la mwana ichita manyazi?

Ndipo si maso okha. Mu 2005, ku Easterhouse mumzinda wa Glasgow, mwana wa zaka ziwiri anamwalira atalasidwa m'mutu ndi kachipolopolo ka mfuti ya mpweya kamene munthu anawombera ali pawindo la nyumba yake. Makolo ake sanakhale chete, ndipo nkhaniyi inathandiza kuti Scotland ikhazikitse lamulo mu 2015. Kuyambira pa 31 December 2016, kumeneko sungasunge mfuti ya mpweya popanda chiphaso. Anthu amenewo ali ndi ma ambulansi ofika msanga ndi madokotala ochuluka, komabe anaona kuti chinthuchi si choseweretsa. Ife amene wodwala timamunyamula pa kabaza, ndi amene tikuti “musaope.”

Ndakhala ndikudzifunsa kuti maganizo amenewa tinawatenga kuti. Ndikuona ngati m'mitu mwathu a Malawi mfuti ndi boma. Makolo athu amakumbukira December 1993, nthawi ya Operation Bwezani, pamene asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers, mfuti zikulira mu Lilongwe momwe muno. Ife a msinkhu wanga tinali ana a sukulu pa 20 July 2011, pamene anthu 20 anafa pa zionetsero. Tikamva “mfuti” timaona wapolisi, msilikali kapena mbava ya usiku. Imeneyo timaiopa, tikaiona timathawa. Ndiye chilichonse chimene sichili m'manja mwa anthu atatu amenewa timachiika m'gulu la zidole. Pakati pa kuthawa ndi kuseweretsa palibe chimene tinaphunzira. Palibe anatiphunzitsa kugwira chinthu choopsa modekha, mwaulemu, motsatira malamulo.

Wina anandiuza kuti malamulo ndikunenawa ndi zachizungu. Bodza limenelo. Agogo anga aamuna kumudzi ankasimba za uzimba, kusaka kwa gulu. Ankati panali mkulu wotsogolera, ndipo iye asanalamule palibe ankaponya nthungo. Gwape akathawira kumene kuli anzako, umamusiya apite, chifukwa nyama ipezeka ina mawa koma mnzako sabwerera. Mfuti ya gogodela inkakhala pamalo pamene mwana sangafike. Ngakhale legeni imene tonse tinakula nayo inali ndi lamulo: ukangoloza mnzako, ngakhale mulibe mwala, wamkulu aliyense wodutsa ankakulanda n'kukukoka khutu, ndipo ukakanena kwanu ankakuwonjezera. Anthu amenewo sanapite ku yunivesite. Ife tinapitako, ndipo tinaimika mwana kutsogolo kwa mfuti kuti atole magalasi.

Mukukumbukira Yusuf Dikeç, bambo wa ku Turkey uja anatchuka pa Olympics ya ku Paris mu 2024? Dzanja limodzi m'thumba, tisheti wamba, nkhope ngati akudikira minibasi, n'kupata mendulo ya siliva. Tonse tinagawana chithunzi chake, mafana ambiri anamutsanzira. Mfuti imene anagwira ija ndi ya mpweya, chandamale chili pa mamita 10. Koma chithunzi chija sichinakuonetseni zimene zimamuzungulira. Pa mpikisano ngati umenewo pamakhala woyang'anira, ndipo iye asananene palibe amaika kachipolopolo mumfuti. Akalamula kuti imani, aliyense amaima, ngakhale chala chitatsala pang'ono kukhethemula. Mfuti ikakhala kuti sikugwira ntchito amailowetsa kachingwe kowala kuyambira kumbuyo mpaka kutulukira kukamwa kwake, kuti aliyense aone ndi maso ake kuti mulibe kanthu. Palibe amadalira mawu a mnzake. Amenewa ndi akatswiri oti pa mfuti yaitali amalasa kadontho kotambalala theka la milimita, kuwombera ka 60 m'mphindi 75, koma amatsatira malamulo ngati ana a sitandade 1. Kudekha kumene tinakusirira pa nkhope ya Dikeç kunachokera m'zaka zambiri zomvera malamulo otopetsa amenewa. Ife tinatengapo dzanja la m'thumba lokha.

Ndipo mawu akuti “mulibe” apha anthu ngakhale kumene kuli ndalama. Pa 21 October 2021, ku New Mexico m'dziko la America, ankajambula filimu yotchedwa Rust. Alec Baldwin anapatsidwa mfuti atauzidwa kuti ilibe chipolopolo chenicheni. Inalira, ndipo Halyna Hutchins, mayi amene ankatsogolera ojambula, anamwalira. Panali munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira mfuti, koma aliyense anakhulupirira kuti mnzake waona kale. Nkhani yake ndi yomweyi ya kuseri kwa bala ya ku Mgona: wina anati mulibe, wina anakhulupirira.

Ndiye kwa iwe amene ukufuna kutsegula malo owombera December ameneyu, ndi kwa inu amene mudzapiteko ndi K500 yanu, nazi zimene ndikanayenera kuzidziwa pa 6 July.

Mfuti iliyonse muli chipolopolo mpaka utaona wekha kuti mulibe, ndipo ngakhale utaona, uziigwirabe ngati muli. Mwini wake akakuuza kuti mulibe, muthokoze, kenako ithyole uone. Kukamwa kwa mfuti kuziloza mbali imodzi yokha, kumene kuli chandamale, kuyambira poitola mpaka poisiya. Osatembenuka nayo kuti uyankhe mnzako, osalozera nayo munthu njira, osaopseza nayo chibwenzi mwanthabwala. Chala chizikhala kunja, chogona m'mbali mwa mfuti, mpaka nthawi imene waloza ndipo watsimikiza kuti ukuwombera. Munthu akadzidzimuka zala zimafumbata zokha, sizipempha chilolezo ku ubongo. Ndipo usanakhethemule dzifunse kuti, ndikaphonya kapita kuti? Ku Mgona yankho lake nthawi zambiri ndi “pakhonde la wina.”

Kumbuyo kwa chandamale kuzikhala chinthu chomeza kachipolopolo. Matumba a mchenga osanjikiza, otalika ndi otambalala kuposa pamene munthu wosadziwa angaphonyere, ndiwo abwino, ndipo mchenga sitigula kutali. Khoma la simenti, mwala, chitsulo ndi thabwa louma zimabweza. Malata ndi mpanda wa udzu zimangolola kuti kadutse, kakapeze amene ali kuseri. Mabotolo ndiye asayandikire n'komwe: galasi likasweka limamwaza tizidutswa mbali zonse, ndipo kachipolopolo kakamenya m'mbali mwa botolo kamapatuka kupita kumene palibe analoza. Jambulani mizere yozungulira papepala, matani pa katoni, ikani patsogolo pa mchenga. Ndikudziwa kuti pepala silimveka “phwaa” ngati botolo. Koma pepala limakuuza chilungamo cha pamene walasa, ndipo silinachotsepo munthu diso.

Lembani mzere pansi, ngakhale ndi phulusa. Owonerera onse kumbuyo kwa mzere. Pakhale munthu mmodzi wolamula, wosamwa, amene ntchito yake ndi kuyang'ana mfuti basi, osati kuwerenga ndalama, osati kusintha nyimbo. Munthu asanapite kutsogolo kukasintha chandamale, mfuti ithyoledwe, ikhale yotsegula patebulo, manja onse achokepo, ndipo wolamula anene mokweza kuti tsopano mutha kupita. Wopita kutsogoloyo asakhale mwana. Ndibwereze: asakhale mwana. Wowombera ndi amene ali pafupi avale magalasi oteteza maso, aja oyera amavala anthu ocheka zitsulo, amapezeka m'mashopu a hardware. Magalasi a dzuwa a pamsika sateteza, akhoza kusweka n'kuwonjezera vuto. Mowa ndi mfuti zisakumane, ndipo mphotho ya wolasa bwino isakhale botolo la mowa, chifukwa pamenepo ukumwetsa munthu yemweyo amene abwerenso kudzawombera. Chomaliza, tizipolopolo timeneti ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka ku ubongo wa mwana. Chizolowezi chotisunga m'kamwa powombera chithe, ana asamatitole n'kumaseweretsa, ndipo musambe m'manja musanagwire chakudya.

Mwaona kuti pa zonsezi chodula ndi magalasi okha? Zina zonse ndi mchenga, phulusa, katoni ndi khalidwe.

Ndikudziwa zimene ena munena, chifukwa mwandiuza kale pamaso. Choyamba: “Aise, munthu akusaka ya ndiwo, ntchito kulibe, umafuna akabe?” Za ulova musandiphunzitse. Digiri yanga ili mu envelopu pansi pa matiresi chaka chachitatu tsopano, ndimadya za maganyu ophunzitsa ana a Fomu 4. Ndimalemekeza aliyense amene waganiza njira yopezera ndalama popanda kuthyola nyumba ya munthu. Koma umphawi sutipatsa ufulu wotchova njuga ndi maso a ana a eni. Wogulitsa kanyenya saika mafuta owira pamene pakukwawa mwana n'kumati ndikusaka. Mkulu uja tsiku limenelo mwina anapeza K30,000. Achemwali anagulitsa mbaula ya mandasi ndi foni kuti tikwanitse mayendedwe a ku Central, ndipo mwana adzakhala ndi diso limodzi mpaka ku ukalamba. Phindu linapita kwa wina, ngongole inatsala kwa mwana wa zaka 11. Imeneyo ndi bizinesi yanji?

Chachiwiri ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri: “Ngozi ndi ngozi, tsoka silinunkha.” Ena anafika ponena kuti mwina pali munthu wa kumudzi amene sakutifunira zabwino, nanga pa anthu onse aja kachipolopolo kasankhe bwanji mwana yekhayu. Tamverani. Mfuti yosiyidwa ndi chipolopolo patebulo, khoma la simenti, mowa, mwana kutsogolo, ndi munthu wokhethemula osayang'ana. Tsoka limeneli linkanunkha kuyambira m'mawa, ife tinangotseka mphuno. Palibe mfiti inauluka usiku kudzaika benchi pakhoma. Tinaika ndife, masana dzuwa likuswa mtengo. Tikamathamangira kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu, nthawi zambiri timakhala tikuthawa funso losavuta lakuti ndani akanaletsa. Ndipo pa anthu amene akanaletsa, dzina langa lili pamwamba. Ndine malume. Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, amene amayenera kuona ngozi ana asanaione.

Nkhani inakambidwa pabwalo, akuluakulu anaweruza kuti mwini mfuti ndi mnyamata uja athandize ndalama ya kuchipatala. Anapereka kangachepe, anapepesa, tinagwirana chanza. Mnyamata wowombera uja ndimamumvera chisoni, anaonda ndi maganizo, amabwera kudzamuona mwana. Koma pabwalo paja palibe anafunsa kuti mfutiyo ipita kuti tsopano, ndipo ikadzatulukanso idzatuluka ndi malamulo anji. Tinakonza ubale, chimene chinawononga diso tinachisiya momwe chinalili. Timakonda mtendere kwambiri moti timaukwirira pamodzi ndi phunziro.

Chachitatu chimachokera mbali ina: “Ingoletsani basi, apolisi alande zonse.” Masiku oyambirira nanenso ndinkatero, ndinkafuna kuithyola mfuti ija ndi manja anga. Koma mtima utatsika ndinaona kuti kuletsa kokha sikutithandiza. Zinthu zimene timaletsa kuno sizitha, zimangosamukira kuseri kwenikweni, kumene kulibe ngakhale wodzudzula. Komanso masewerawa pawokha si oipa. Abhinav Bindra anapatsa India mendulo yake yoyamba ya golide ya munthu mmodzi payekha ku Beijing mu 2008 ndi mfuti ya mpweya yomweyi. Ndi masewera ofuna malo ochepa, mamita 10 okha, ndipo sasankha kuti ndiwe wamfupi, wonenepa, mtsikana kapena woyenda pa njinga ya olumala. Amaphunzitsa kupuma bwino, kudikira, kuugwira mtima, zinthu zimene achinyamata a m'makomboni muno tikuzisowa. Paja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditamva kuti sukulu ina kapena gulu la achinyamata latsegula malo otchingidwa bwino, okhala ndi mphunzitsi ndi malamulo olembedwa pakhoma, ndingakhale woyamba kuwomba m'manja. Chimene ndikukana ndi mfuti pakati pa nyumba zothithikana, m'manja mwa munthu amene sanaphunzire, pafupi ndi mowa. Ndipo iwe wofuna kutsegula, dziko lino lili ndi lamulo la mfuti ndipo ziphaso zimadzera ku polisi. Pita ukafunse kaye kumeneko za mfuti yakoyo ndi malo akowo. Ngati ukuopa kukafunsa, ndiye kuti ukudziwa kale kuti pali cholakwika.

Tsopano ife a mafoni. Tisanamizane, pa anthu onse anali pamzere tsiku lija, ofuna kuphunzira kulasa anali ochepa. Ambiri tinkafuna chithunzi. Mfuti inalira m'manja mwa munthu amene sankafuna n'komwe kuwombera, ankafuna ma like. Tikajambulitsa timaloza kamera, kutanthauza kuti timaloza mnzathu amene wagwira foni, chala chili pokhethemulira, nkhope yolusa ngati Rambo. Kenako ana a zaka 10 amaona status ya malume awo n'kuphunzira kuti mfuti imagwiridwa choncho. Chithunzi changa chija ndinachichotsa usiku womwewo ndili pabenchi ku Central, koma anthu 143 anali atachiona kale. Mmodzi mwa iwo anali achemwali.

Mukadzaona mnzanu waponya chithunzi chotere, musaike kamoto. Mufunseni kuti chala chikutani pamenepo. Adzakunenani kuti ndinu ofuntha, kapena kuti mukudzimva utsogoleri. Zilibe kanthu. Ine ndinaopa kuoneka wotsalira pamaso pa mafana, ndinaopa kuti akati “a graduate ayamba,” ndipo manyazi a mphindi imodzi amenewo ndinawagula ndi diso la mwana wa mlongo wanga.

Chinthu chimodzi chokha chimene ndinachita bwino tsiku lija ndichisiye pano, mwina chidzathandiza wina. Mwana atagwira kumaso, anthu anatizinga ndi malangizo. Wina amati timupemerere, wina amati tithiremo madzi a shuga, mayi wina anali wokonzeka kufinyiramo mkaka wa m'mawere, wina amathamangira masamba. Onsewo ankafuna kuthandiza, koma ndinakana. Diso likalasidwa musalitikite, musalipanikize ndi nsalu, musayese kuchotsa chimene chalowa, musathiremo chilichonse. Dulani kunsi kwa kapu ya pulasitiki, vindikirani diso mosakhudza, matani ndi tepi kapena mangani mopepuka, n'kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale wovulalayo akunena kuti sizikupweteka kwambiri. Musamupatse chakudya panjira, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Adokotala anandiuza kuti kufinya diso loboka kumatulutsa za m'kati, ndipo zothirathira zimalowetsa matenda. Anatiuzanso kuti tizibwera ku sikelo ya maso mosadumphitsa, chifukwa nthawi zina diso lovulala limatha kuyambitsa kutupa m'diso labwino. Mpaka lero mwana akangoti diso likuyabwa, mtima wanga umathamanga.

Mphwanga ankafuna kudzakhala goloboyi wa Silver Strikers. Masiku ano mpira ukamabwera m'mwamba amautambasulira manja usanafike kapena utadutsa kale, ndiye anzake anamusamutsira kumbuyo, amasewera pa 2. Akuti pamenepo mpabwinonso. Ana amakhululuka msanga, mpaka zimachititsa manyazi. Sabata yatha anandifunsa kuti, “Malume, zoti kukubweranso mfuti pa Khirisimasi n'zoona?” Ndinati ndamva choncho. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Ndiye adzatola mabotolo ndani?”

Loweruka likubwerali ndikupita kukaonana ndi mkulu wagula mfuti uja. Sindikupita kukamenyana. Ndanyamula pepala limene ndalembapo malamulo onse ndatchulawa, ndi magalasi awiri oteteza maso amene ndagula ndi ndalama yanga ya ganyu. Akavomera kupeza malo oyenera, matumba a mchenga ndidzamuthandiza kusenza ndekha. Akakana, ndipita kwa amfumu ndi ku polisi, ndipo adzandida, ndipo ndidzagona tulo. Amene muli ku Mgona, Area 25 kapena Senti ndipo mukufuna kundiperekeza, mukudziwa pondipeza. Amene muli ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23, yang'anani kuseri kwa mabala a kwanuko December ameneyu. Mukadzamva wina akuti “si yeniyeni iyi, amwene,” yambani mwachotsa ana pamalopo, zokambirana zibwere pambuyo.